Lamulo lija lili pa peji iti? Za mabuku a RPG odzaza ndi nkhani

Pali mkangano wina umene sutha pakati pa anthu osewera magemu a patebulo aja amati RPG, monga Dungeons & Dragons ndi abale ake, ndipo ine ndili ndi mbali yanga. Kwa inu amene simunasewerepo, zimayenda chonchi: anthu anayi kapena asanu akhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi munthu wake wongopeka amene akumuyendetsa, wina wankhondo, wina wamatsenga, wina mbava, nde pamakhala mmodzi wofotokoza dziko lonselo komanso kuweruza zimene zachitika, ameneyo timati GM. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi. Zonsezi zimachokera m'buku, ndipo m'bukumo mumakhala mawu a mitundu iwiri. Pali malamulo enieni, ponya dayisi iyi, uwonjezere nambala iyi, ukafika pa 15 zatheka. Kenako pali mawu okometsera, aja ofotokoza fungo la mzinda, mbiri ya mafumu amene anafa kalekale, mmene lawi la wamatsenga limathethekera lisanaphulike. Anthu amakangana kuti zokometserazo zichuluke bwanji.

Ena amati dulani zonse mutipatse malamulo okha tisewere. Ena amati buku lopanda nkhani ndi louma, silikupatsa nkomwe chilakolako choitana anzako. Ine ndimaona kuti kuwerengetsana mapeji nkutaya nthawi. Chimene ndimayang'ana ndi malo amene mawuwo aikidwa, komanso ngati akugwira ntchito iliyonse dayisi ikagwa pa tebulo.

Buku la gemu limawerengedwa mosiyana nthawi ziwiri, ndipo apa mpamene olemba ambiri amaterereka. Koyamba uli wekha, wagona chagada pabedi, ulibe changu, ukufuna bukulo likunyengerere kuti dziko limeneli ndi lokoma ulowemo. Kachiwiri uli pa tebulo, mnzako wanena kuti akufuna amugwire mdani uja amugwetse pansi, anthu asanu akukuyang'ana, wina wayamba kale kutsegula WhatsApp, ndipo iwe ukufuna chiganizo chimodzi chokha chokuuza dayisi yoti iponyedwe. Wowerenga woyamba uja ndi amene amatulutsa ndalama mu shopu. Wachiwiriyu ndi amene amavutika. Nde poti ndalama imachokera kwa woyamba, mabuku ambiri amalembedwera iyeyo, wachiwiri aziona yekha mmene atachitire.

Vutoli ndi lakale ngati gemu yomwe. Dungeons & Dragons inatuluka mu 1974, yolembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, timabuku titatu m'kabokosi, ndipo timabukuto tinalembedwa ngati kuti wowerenga amadziwa kale magemu a nkhondo a tizidole amene anyamatawa ankasewera, moti ambiri anaphunzira poonera anzawo osati powerenga. Kenako mu 1979 Gygax anatulutsa Dungeon Masters Guide, buku la GM limene anthu mpaka lero amalikonda chifukwa cha Chingerezi chake chakuya, cha mawu oti upite kaye ku dikishonale. Ndi lokoma kuwerenga, sindikukana. Koma kafunseni anthu amene anasewera nthawi imeneyo kuti lamulo la amene ayambe kumenya pa nkhondo limayenda bwanji, mudzapeza aliyense ali ndi yankho lake, chifukwa zidutswa za lamulolo zinamwazikana m'ndime zosiyanasiyana pakati pa malangizo ndi maganizo a mwini wake. Patangopita zaka ziwiri, mu 1981, Tom Moldvay anakonza buku la Basic la gemu yomweyi, la mapeji 64 okha, la oyamba kumene, ndipo ndi limeneli limene anthu akulikoperabe mpaka pano. Gavin Norman anatenga malamulo omwewo mu 2019 nkuwayala mwatsopano mu Old-School Essentials, mutu uliwonse pa mapeji awiri oyang'anizana kuti usamatembenuze tsamba uli mkati mwa nkhondo. Malamulo sanawasinthe kwenikweni. Anangowaika poti uwapeze msanga, ndipo anthu analipira ndalama chifukwa cha zimenezo basi.

Mbali inayo mfumu yake ndi Vampire: The Masquerade ya Mark Rein-Hagen, imene kampani ya White Wolf inatulutsa mu 1991. Apa nde nkhani zinachita kusefukira, tinkhani topeka, mawu a anthu a m'dzikomo, mbiri ya mafuko a ma vampire, ndale zawo, chidani chawo cha zaka mazanamazana. Ndipo zinagwira ntchito, tisanamizane. Anthu amene sakanakhudza nkomwe gemu yowerengera mphamvu ya lupanga anabwera chifukwa bukulo linawauza kuti iwe ndiwe chilombo chimene chikuyesetsa kusunga umunthu wake, nkhani imeneyo inawagwira mtima. Shadowrun ya 1989 nayo inali ndi kachitidwe kake, m'mabuku ake owonjezera anthu a m'dzikomo amaponya ndemanga pansi pa nkhani, wina akuti mfuti iyi ndi yabwino wina akuti bodza inandikanika pa ntchito, umachita kumva ngati ukuwerenga makomenti a pa Facebook. Zokoma ndithu. Koma tsiku loti musewere likafika, GM amayenda ndi timapepala tomata m'mbali mwa buku ngati mlaliki, apo ayi mphindi khumi zipita akusakasaka.

Nde mwina mukuti yankho ndi lophweka, siyanitsani ziwirizi, nkhani uku lamulo uko. Zinayesedwa kale. Mu 2008 kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa Dungeons & Dragons ya edishoni ya 4, ndipo mphamvu iliyonse ya munthu wako inali m'kabokosi kake, pamwamba kamzere kamodzi kapena iwiri ka zilembo zopendekeka kokometsera, pansi manambala okhaokha, ukugunda ndani, pa mtunda wanji, akuvulala bwanji. Zinkaoneka ngati khadi ya Magic: The Gathering, gemu ya makhadi ya Richard Garfield ya 1993 imene kampani yomweyo imagulitsa, mmene mawu opendekeka aja aliyense amadziwa kuti alibe mphamvu pa lamulo. Kunena chilungamo, pa nkhani yopeza lamulo msanga, edishoni ya 4 inali patsogolo pa anzake onse. GM ankatha kuyendetsa chilombo atangoyang'ana kabokosi kamodzi. Koma anthu ambiri anaikana, ndipo gulu lalikulu linasamukira ku Pathfinder, gemu ya kampani ya Paizo, imene inatuluka mu 2009. Zifukwa zinalipo zingapo, zina za malayisensi ndi bizinesi, koma dandaulo limene linkamveka pa matebulo linali lakuti gemu yasanduka ya manambala.

Apa ndikufuna nditafunepo pang'ono chifukwa mpamene pagona nkhani yanga yonse. Mu gemu ya makhadi, mawu okometsera ukhoza kuwafufuta onse gemu nkuyenda chimodzimodzi, poti zimene ungachite ndi khadi zinalembedwa zonse. Mu RPG osewera amachita zinthu zimene wolemba sanaziganizire, ndipo kukoma kwake ndi komweko. Wamatsenga akaponya moto, mnzake afunsa kuti kodi denga la udzu lija lapsa? Kodi utsi ukuoneka ku mudzi winawo? Kodi ndingawotche chingwe chimene amumanga nacho mkaidi? GM alibe kwina kotenga yankho kupatula m'mawu ofotokoza kuti chinthucho chimaoneka bwanji ndipo chimachita chani. Ndiye kuti zimene timazitcha zokometsera nthawi zambiri ndi lamulo lomwe, kungoti silinavale manambala. Ukauza osewera kuti mzere wopendekekawo ulibe ntchito, wawalanda chida. Nchifukwa chake m'masiku a edishoni ya 4 anthu ankakangana pa intaneti za kugwetsa pansi chilombo chooneka ngati phala, chopanda miyendo, chopanda mutu. Manambala akuti chagwa. Maso a m'mutu akukana, chigwa bwanji chinthu choti chili kale pansi.

Edishoni ya 5 ya mu 2014 inabwerera mmbuyo, inasakaniza nkhani ndi lamulo m'ziganizo za Chingerezi wamba. Pena zinayenda bwino kwambiri. Taonani Fireball, spell (matsenga) yoponya moto: ikufotokoza kamzere ka kuwala kochoka pa chala, kenako kuphulika kofika mafiti 20 mbali zonse, madayisi 8 a mbali 6, nkumaliza ndi kunena kuti zinthu zogwira moto zimene palibe wazivala kapena kuzinyamula zimayaka. Ndime yaifupi, chithunzi uli nacho, nambala uli nayo, funso la denga la udzu layankhidwa. Koma pena zinasokoneza. Panali spell ina yotchedwa Chill Touch, dzina likukuuza za kuzizira ndi kukhudza, koma ukawerenga umapeza kuti imaponyedwa pa mtunda wa mafiti 120 ndipo kuvulaza kwake si kwa chisanu ayi. Panalinso ziganizo ziwiri zokhudza kumenya ndi chida cha pafupi, zofanana pafupifupi mawu onse kungosintha ndondomeko yake, koma pa lamulo zikutanthauza zinthu zosiyana. Zotere zinachititsa kuti Jeremy Crawford, amene anali mmodzi wa akuluakulu okonza gemuyi, akhale zaka akuyankha mafunso pa Twitter, mpaka mayankhowo anawasonkhanitsa m'chikalata chapadera cha Sage Advice. Buku loti wagula ndi ndalama zako koma uzikafunsanso mwini wake pa intaneti kuti amatanthauza chani, eti zoona? Mu 2024 atakonzanso Player's Handbook, buku la osewera, anaika kumapeto mndandanda wa matanthauzo a malamulo motsata afabeti, ndipo Chill Touch ija tsopano umayenera kumukhudza ndithu munthuyo. Zaka khumi kuti afike pamenepo.

Kwa ine olemba amene anaipeza njira ndi aja anasiya kulemba nkhani pambali nkuyiika mkati mwa lamulo momwemo. Call of Cthulhu ya Sandy Petersen, ya mu 1981, ikanatha kulemba mapeji makumi awiri kukuuza kuti dziko lino ndi loopsa ndipo kudziwa zambiri kumapengetsa. Mmalo mwake inakupatsa nambala yosonyeza kuti mutu wa munthu wako ukuyenda bwino bwanji pa pepala lako, imene imatsika ukaona zoopsa, ndipo munthu wako akamawerenga mabuku oletsedwa a m'dzikomo malire ake amatsikiratu. Wosewera amayamba kuopa yekha kutsegula chitseko, palibe wamuuza kuti aope. Shadowdark ya Kelsey Dionne, ya 2023, imati muuni umayaka ola limodzi lenileni la pa wotchi, GM amatchera taimala pa foni, ikalira muli mu mdima. Mudzaone mmene anthu amasiyira macheza opanda pake akaona kuti kwatsala mphindi zisanu. Dread ilibe nkomwe dayisi, mumasolola timitengo pa nsanja ya timitengo tosanjikiza ya gemu ya Jenga, ikagwa munthu wako wapita. Electric Bastionland ya Chris McDowall imayambitsa gulu lonse lili ndi ngongole ya mapaundi 10,000, ndipo aliyense amapatsidwa ntchito imene anailephera kale pamoyo wake. Sukufunika mbiri ya mzinda wa Bastion kuti umvetse chifukwa chake anthuwa akulowa m'mauna oopsa kusaka chuma. Ngongole aliyense amaidziwa kupweteka kwake.

Troika! ya Daniel Sell imachita zofananako. Ilibe mutu wautali wofotokoza dziko, ili ndi mitundu 36 ya anthu amene ungakhale, uliwonse kandime kamodzi ndi mndandanda wa katundu ndi maluso, ndipo ukamaliza kuwerenga 36 yonseyo dziko lija lamangika lokha m'mutu mwako, mipata yotsalayo mumadzaza nokha pa tebulo. Mndandanda wa katundu ndi malo abwino kwambiri obisamo nkhani, chifukwa wosewera aliyense, ngakhale waulesi uja amene sawerenga kalikonse, amawerenga zimene zili m'thumba mwake.

Mörk Borg ya ku Sweden, ya Pelle Nilsson ndi Johan Nohr, ya mu 2020, ndi chitsanzo cha zabwino ndi zoipa pamodzi. Lamulo lake la kutha kwa dziko ndimalichotsera chipewa, tsiku lililonse la mu gemu GM amaponya dayisi kuona ngati tsoka lina loloseredwa lagwa, lachisanu ndi chiwiri likafika dziko latha, ndipo bukulo limakuuza kuti uliwotche. Nkhani ndi lamulo zangokhala chinthu chimodzi. Koma kayalidwe ka mapeji ake, mayo ine, chikasu chothobwa m'maso, zilembo zosinthasintha, zina zopendekera uku zina uko, peji iliyonse ngati chikuto cha album ya metal. Linawina mphoto za ENNIE, zimene amapereka kwa magemu a RPG, ndipo linayenera, koma eni akewo anatulutsanso mtundu wina wa mawu okhaokha wopanda zojambula, waulere. Ndiye kuti nawonso anaona kuti kukometsa ndi maso kumatha kubisa lamulo chimodzimodzi ndi kukometsa ndi mawu.

Kwa ife kuno nkhaniyi imalemera kwambiri. Buku limodzi lalikulu la Dungeons & Dragons limagulitsidwa pafupifupi madola 50 usanaike za kutumiza, nde ambiri amene amasewera amadalira PDF pa foni, kaya malamulo aulere aja makampani amaika pa intaneti. Tayesani kusaka lamulo pa sikirini ya foni m'buku la mapeji 640 ngati Core Rulebook ya Pathfinder ya 2019, la mizati iwiri pa peji, ukukulitsa ndi zala, ukuchepetsa, batire ikutha. Onjezani kuti Chingerezi kwa ambiri a ife ndi cha kusukulu, nde lamulo likakutidwa m'mawu a ndakatulo umaliwerenga katatu usanatsimikize kuti ndi lamulo kapena wolemba akungodzionetsera. Choipitsitsa ndi timabokosi tija ta m'mabuku a maulendo toti GM awerengere osewera mokweza. Ngati tebulo lanu limacheza mu Chichewa, GM amayenera kumasulira pompo ndime yonse ya ziganizo zisanu ndi zitatu yofotokoza makatani ndi fumbi, pamene chofunika, choti pakona pali chilombo chikukuyang'anani, chaikidwa kumapeto kwenikweni. Ndipatseni mfundo zitatu, kukununkha chinyontho, pansi pali mafupa a mbuzi, chitseko cha kumanzere chili ndi magazi, zinazo ndikometsa ndekha ndi pakamwa panga. Amene anakula akumvera nthano madzulo akudziwa kuti agogo sankawerenga papepala, ankadziwa mafupa a nthanoyo basi, nyama yake ankaiika malinga ndi ana amene akhala patsogolo pawo usiku umenewo. GM ndi chimodzimodzi.

Koma a gulu la dulani zonse musasangalale msanga. Kufupikitsa nako kuli ndi bodza lake. Lasers & Feelings ya John Harper ndi peji imodzi yokha, ndipo imaseweredwa bwinobwino, koma imatheka chifukwa osewera ake anaonera kale mafilimu a zombo za m'mlengalenga, nkhani yonse ili kale m'mitu mwawo, wolemba anangobwereka. Mupatse munthu amene sanaonerepo, pejiyo simuuza kanthu. Ndipo mabuku ambiri aafupi amene amatamandidwa kuti ndi osavuta amakhala osavuta kwa munthu amene wasewera zaka khumi. Ntchito imene wolemba anaithawa siisowa, imagwera GM, amene tsopano ayenera kupeka yekha zimene zichitike munthu akagwa pa khoma kapena akafuna kunyengerera mlonda. Old-School Essentials yomwe ndaitama ija ndi yabwino posaka lamulo, koma pophunzitsa munthu watsopano buku la Moldvay limaiposa, chifukwa lili ndi zitsanzo za sewero, GM akuti chakuti wosewera akuyankha chakuti dayisi yagwa motere. Zitsanzo zimadya malo, ndipo wokonza buku akauzidwa kuti achepetse mapeji ndi zimene amayamba kudula, kusiya mbiri ya milungu khumi ndi iwiri imene palibe adzaifunse. Ine ndikanadula milunguyo.

Palinso mawu a wolemba mwini, kalankhulidwe kake, zimene ena amazisokoneza ndi zokometsera. Apocalypse World ya Vincent ndi Meguey Baker, ya 2010, inalembedwa mwamwano, motukwana, ngati munthu wa m'dziko lowonongekalo ndi amene akukuphunzitsa, koma malamulo ake ndi olunjika zedi: ukachita chakuti ponya madayisi awiri, 10 kupita mmwamba zatheka, 7 mpaka 9 zatheka koma ulipira kenakake, 6 kutsika pansi GM ali nawe. Lamulo lililonse limayamba ndi chinthu chimene munthu wako akuchita m'nkhanimo, nde sungathe kuponya dayisi usananene kaye kuti ukutani. Kalankhulidweko sikanawonjezere mapeji, kanangosankha mawu. Wolemba akhoza kukhala ndi mchere popanda kutalikitsa.

Ndikamawerenga buku latsopano ndimadzifunsa pa ndime iliyonse kuti ikachotsedwa, pa tebulo pasintha chani. Ngati ikuuza wosewera chimene angayese, kaya ikuthandiza GM kuweruza, kaya ikupereka dzina, fungo, mkangano woti ugwiritsidwe ntchito Loweruka likubwerali, ikhale, ngakhale ilibe nambala ndi imodzi yomwe. Ngati ikungondiuza kuti mfumu yakuti inagonjetsa mfumu yakuti zaka 3,000 zapitazo ndipo palibe manda ake oti tikafukule kapena mdzukulu wake woti atithamangitse, imeneyo wolemba akulemba novelo yake pa ndalama zanga. Ndipo lamulo lisabisike mkati mwa ndime yotere ngakhale kamodzi, chifukwa wowerenga akangozindikira kuti zimachitika amayamba kuwerenga chilichonse mwamantha.

Ndikudziwa pali anthu ambiri amene amagula mabukuwa osasewera nkomwe, amangowerenga ngati nthano nkuika pa shelefu, ndipo ndalama zawo ndi zimene zimasunga makampani ena. Sindikuwanyoza, nanenso ena ndinangowawerenga. Koma njira yowasangalatsa inapezeka kalekale. TSR, kampani imene inkatulutsa Dungeons & Dragons nthawi imeneyo, inagulitsa World of Greyhawk, lofotokoza dziko lochitiramo gemu, payokha mu 1980, nkudzatulutsa bokosi la Forgotten Realms la Ed Greenwood mu 1987, mamapu, mbiri, mayina a mizinda, zonse mmenemo, pamene malamulo anali m'mabuku awo. Wofuna mbiri ya mafumu ankagula bokosilo, wofuna kudziwa mmene angamugwetsere mdani pansi ankatsegula buku linalo.